Mlatho si mwamuna, nyanja si mkazi

Aphunzitsi anzanga a ku Malabwe, Zóbuè ndi Moatize, tileke kuuza ana kuti dzina la Chipwitikizi kapena Chifalansa ndi "lachimuna" kapena "lachikazi" tisanawakumbutse zimene akudziwa kale m'Chinyanja.

Mwana amene anaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel mumzinda wa Tete amaphunzira kuti mlathowo ndi a ponte, ndipo timamuuza kuti ndi wamkazi. Akafika kusekondale n'kuyamba Chifalansa, amamva kuti ndi le pont, wamwamuna. Nyanja imachita mosiyana: o mar m'Chipwitikizi, la mer m'Chifalansa. Dzino nalonso, o dente ndi la dent. Mwana wanzeru amafunsa kuti mlatho unasanduka liti mwamuna, ndipo mphunzitsi amasowa chonena. Ambiri safunsa n'komwe. Amangoloweza mwamantha, kenako n'kuiwala.

Chonsecho mwanayo anabadwira m'chinenero cha magulu a mayina. Amati mlatho wautali, njira yaitali, chingwe chachitali, osaphonya ngakhale kamodzi. Palibe anamuphunzitsa lamulo lakuti anene galu wanga osati galu yanga. Khutu lake linazolowera. Pamenepo ndi poyambira. Lembani pabolodi mlatho wautali ndi njira yaitali, pansi pake un long pont ndi une longue route, ndipo anawo aone okha kuti mfotokozi amatsatira gulu la dzina. Kenako muwauze kuti Chifalansa chili ndi magulu awiri okha. Kwa mwana wodziwa magulu oposa khumi, imeneyo ndi nkhani yokondweretsa.

Ena adzati kufananitsa kotere kuli ndi malire, ndipo akunena zoona. M'Chinyanja chiyambi cha dzina nthawi zambiri chimaulula gulu lake, pamene m'Chifalansa dzina lokha silidalirika. N'chifukwa chake mwana asalembe pont payekha m'kope. Alembe le pont, mawu awiriwo ngati amodzi. Malasha a ku Moatize akhale o carvão ndi le charbon.

Boma linayesa maphunziro a zinenero ziwiri m'Chinyanja kuno ku Tete kuyambira 1993, pa pulogalamu ya PEBIMO, ndipo mu 2003 njirayi inalowa m'sukulu zapulayimale za boma. Koma ambiri a ife timayesabe Chinyanja ndi cha makalasi oyambirira okha, ndipo pa phunziro la Chifalansa timachisiya pakhomo.