ZA UMOYO PABANJA: Wodwazika Akhale Maso ndi Makutu a Namwino

Mwezi uno tikambirane za mankhwala ena a jakisoni amene apulumutsa miyoyo yambiri, koma amene afuna kusamala kwakukulu. Madokotala amaŵatcha aminoglycoside, ndipo odziŵika mwa iwo ndiwo streptomycin, gentamicin ndi amikacin.

Streptomycin anapezeka m'chaka cha 1943 ku Rutgers University m'dziko la America. Anampeza ndi Albert Schatz, wophunzira wa Selman Waksman, kuchokera ku tizilombo tokhala m'dothi, ndipo ndiye anali mankhwala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu. Masiku ano mapiritsi analanda malo ake pa nthendayi, koma mbale wake gentamicin, amene anapezeka m'chaka cha 1963, akugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku. Amapatsidwa kwa makanda amene tizilombo taŵaloŵa m'magazi, kwa amayi odwala atangochira, ndiponso kwa odwala matenda aakulu a m'njira ya mkodzo.

Mankhwalaŵa sadutsa m'matumbo kuloŵa m'magazi, n'chifukwa chake amaperekedwa pobaya m'mnofu kapena m'mtsempha. Akatha ntchito yake amatuluka kudzera mu impso. Tsono vuto lagona apa: iwo omwewo angathe kufooketsa impso, ndipo impso zikafooka mankhwala amachulukana m'thupi, nakafika m'kati mwa khutu, kumene kuli tiziŵalo tosakhwima totithandiza kumva ndi kuima chilili osagwa. Impso kaŵirikaŵiri zimachira mankhwala akalekedwa, koma tiziŵalo ta m'khutu tikafa sitimeranso. Munthu angathe kuchira nthenda yake, nabwerera kwao ali wogontha kwa moyo wake wonse.

Namwino wodziŵa ntchito amayamba wamuyeza wodwala pa sikelo, pakuti muyeso wa mankhwalaŵa umatsata kulemera kwa thupi. Amafunsa ngati mayi ali ndi pakati, popeza streptomycin angathe kugonthetsa mwana ali m'mimba. Amafunsanso za matenda a impso ndi za mankhwala ena, makamaka furosemide, wochotsa madzi m'thupi, amene akaphatikizana ndi jakisoniyu ngozi imakula. Amasunga nthaŵi yobayira, imene kaŵirikaŵiri imakhala kamodzi patsiku, ndipo kumene zipangizo zilipo amatenga magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito.

Komatu namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri. Amene amagona pafupi ndi bedi usiku wonse ndinu, amayi ndi abambo, ngakhalenso inu anyamata ndi atsikana amene mumatumidwa kukadwazika agogo. Taonani zoyenera kuchita.

Choyamba, penyetsetsani mkodzo. Ukachepa, kapena mateŵera a khanda akakhala ouma nthaŵi yaitali, uzani namwino msanga.

Chachiŵiri, wodwala amwe madzi okwanira, pokhapokha dokotala ataletsa. Ngati akusanza kapena kutsegula m'mimba, nenani, pakuti thupi louma limaika impso pa ngozi.

Chachitatu, m'funseni m'maŵa uliwonse ngati m'makutu mukulira kapena mukukhala ngati mwatsekeka. Onani ngati wayamba kunena kuti "mwati bwanji?" kaŵirikaŵiri. Mawu ang'onoang'ono, monga kulira kwa mbalame, ndiwo amayamba kusoŵa.

Chachinayi, akamva chizungulire kapena akamadzandira poyenda, makamaka mumdima, m'gwireni dzanja ndipo kaitaneni namwino tsiku lomwelo.

Ambiri a ife tinaleredwa kuti kufunsa wamkulu ndi mwano, kotero timaona chizindikiro koma n'kukhala chete. Kumeneko sikulemekeza namwino ayi. Iye amakondwa kumva msanga, chifukwa dokotala angathe kuchepetsa muyeso kapena kusintha mankhwala khutu lisanaonongeke. Koma musathaŵitse wodwala m'chipatala poopa jakisoni, ndipo musalole munthu wosaphunzira za chipatala kum'baya kumudzi. Mankhwalaŵa akaperekedwa pa muyeso wake kwa masiku oŵerengeka, odwala ambiri amachira popanda chovuta.

Akuluakulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Kugontha kumeneku nthaŵi zina kumaonekera patapita masabata jakisoni atatha. Chomwecho khanda likatuluka m'chipatala, onani ngati likudzidzimuka pomva phokoso, ndiponso ngati likutembenukira ku mawu a mayi ake pamene likukula. Mukakayika, pitani nalo ku sikelo mukafotokoze, ndipo mutenge buku lake la kuchipatala kuti aone mankhwala amene linalandira.