Ndalama Zopanda Woziyankhira Mlandu

Masiku ano kwabuka alaliki a mtundu wina m'matauni, onyamula lamya ya m'manja m'malo mwa buku. Uthenga wao ndi wakuti ndalama za boma zatha nchito, ndipo kuti mnyamata kapena mtsikana wanzeru ayenera kusintha malipiro ace oyamba akhale Bitcoin, ndiyo ndalama yosagwirika ndi dzanja imene ikhala m'makina a kompyuta. Ati ndalamayi imasula munthu ku ukapolo wa mabanki, popeza woisunga safunika kukhulupirira munthu wina ali yense. Mau amenewa ngozuna m'khutu, koma ngonama, ndipo olipira mtengo wa bodzali ndiwo osauka.

Bitcoin inayamba m'caka ca 2009, ndipo woipanga anadzicha Satoshi Nakamoto, dzina limene mwini wace sanadziwike kufikira lero. Palibe khobidi kapena pepala. Pali buku limodzi lalikulu la cuma, lokopedwa m'makompyuta zikwizikwi pa dziko lonse, m'mene mulembedwa kuti uje wapatsa uje zakutizakuti. Mwini cuma adziwika ndi mfungulo wace, ndiwo mndandanda wautali wa manambala acinsinsi, ndipo cimene calembedwa m'bukumo sicifafanizika. Alalikiwo atama cimeneci monga ulemerero wa ndalama yao. Koma bvuto lagona pomwepo.

Ali yense amene anasungapo mabuku a cuma adziwa kuti anthu amalakwa, amaiwala, ndiponso amaba. Cifukwa cace pa buku liri lonse paikidwa wosaina dzina lace, ndi wina wofufuza, ndi bwalo lozenga mlandu zinthu zikasokonekera. Ku Bitcoin kulibe zonsezi. Wotumiza ndalama ku nambala yolakwika alibe komadandaula. Mbala ikaona mfungulo, cuma casanduka cace. Munthu akafa osaulula mfungulo, wamasiye ndi ana ace sadzalandira ngakhale ngwee imodzi. James Howells, wa ku Newport m'dziko la Wales, anatayikidwa kacipangizo kosunga mfungulo wa ma Bitcoin ngati 8,000 m'caka ca 2013, katapita ku dzala pamodzi ndi zinyalala; ndipo mu 2025 bwalo linakana dandaulo lace lofuna kukumba dzalalo.

Popeza kusunga mfungulo nkoopsa cotere, anthu ambiri asungitsa cuma cao ku makampani ogulitsa ndalamazi. Tsono cikhulupiriro cija anati cacotsedwa cabwerera pa khomo la kumbuyo, ndipo capatsidwa kwa alendo osadziwika nkhope. Kampani ya Mt. Gox, ya ku Tokyo, inagwa mu 2014 italengeza kuti ma Bitcoin 850,000 asowa. Kampani ya FTX inagwa mu November 2022, ndipo mkulu wace, Sam Bankman-Fried, anaweruzidwa mu 2024 kukhala m'ndende zaka 25 cifukwa ca cinyengo. Ku South Africa, kampani ya Mirror Trading International inalonjeza phindu la magawo khumi pa zana mwezi ndi mwezi, nipatsa mphotho ali yense wokopa anzace. Inagwa mu December 2020. Mkulu wace, Johann Steynberg, anathawira ku Brazil kumene anagwidwa mu 2021. Ndipo mu 2023 bwalo linapeza kuti olowa kale analipidwa ndi ndalama za olowa kumene. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Alalikiwo ayankha kuti kwaca nayo imagwa mphamvu, ndipo apa anena zoona: mu 2013 Zambia inacita kudula maziro atatu pa ndalama zace. Koma mankhwala sayenera kuopsa koposa nthenda. Mu November 2021 Bitcoin imodzi inafika pafupi ndi madola 69,000. Patapita caka cimodzi inali pansi pa madola 17,000. Inakweranso kupitirira madola 100,000 mu December 2024, ndipo amene anatha kudikira anapindula. Koma kudikira ndi mwai wa olemera. Wofuna ndalama za lendi, za feteleza kapena za cipatala agulitsa tsiku la tsokalo, pa mtengo uli wonse umene aupeza. Ndiponso nkoyenera kufunsa kumene phindulo licokera. Bitcoin sibala cimanga, sikumba mkuwa, simanga nyumba. Wogula apindula pokhapo atapezeka wina wogula pa mtengo woposa. Dziko la El Salvador linailamula kukhala ndalama ya boma mu 2021, koma mu 2025 linacotsa lamulo lokakamiza amalonda kuilandira.

Kutsutsa zimenezi si kudana ndi makina. Ndalama zotumizidwa pa lamya kudzera mu MTN kapena Airtel nazo sizigwirika ndi dzanja, koma ndi makwaca enieni. Makampaniwo ali ndi maofesi odziwika, ndipo Bank of Zambia iwayang'anira. Wolakwiridwa ali ndi khomo logogoda. Banki yomweyo inacenjeza anthu mu 2018 kuti ndalama za mtundu wa Bitcoin si ndalama zobvomerezeka ndi lamulo m'dziko muno, ndipo kuti wocita nazo malonda asenza yekha tsoka lace.

Wotsiriza sukulu amene walandira malipiro ace oyamba, kapena amene amace agulitsa mbuzi kuti ayambe malonda, adzakomana ndi mlaliki wotere, kapena mnzace weniweni wa m'kalasi. Asacite manyazi pouzidwa kuti ngwotsalira. Afunse funso limodzi lokha: ndalamazi zikasowa, adzaimirira pa bwalo kuyankha mlandu ndani, ndipo ofesi yace iri mu mseu uti? Mlalikiyo akayamba kukamba za makina m'malo mochula dzina la munthu, wofunsayo abweze ndalama zace m'thumba.