Chilango cha Zengerezu pa Maseŵera a Kriketi

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau, koma pa kriketi wolinda kwaukwau ndi woonera amene adalipira pakhomo. Lamulo la bungwe la ICC, lomwe limayendetsa maseŵeraŵa padziko lonse, likuti pa maseŵera a Test timu iponye maova 15 pa ola limodzi, ndiye kuti 90 pa tsiku. Ova imodzi ndi mipira 6. Komabe nthaŵi zambiri dzuŵa limaloŵa chiŵerengerocho chisanakwane, chifukwa oseŵera amataya nthaŵi pokambirana, pomwa madzi ndi poyenda monyang'wa. Kumeneku n'kuba, pakuti munthu wagula mtanga wodzaza napatsidwa woperewera.

Kwa zaka zambiri olakwa akhala akudulidwa malipiro. Nanga woseŵera wolemera angamve kuŵaŵa ndi chindapusa chotere? Chilango chimene chidaluma ndi cholanda mapointi. Mu December 2020, ku Melbourne, timu ya Australia idapereŵeza maova aŵiri poseŵera ndi India ndipo idalandidwa mapointi 4. Mapointiwo ndiwo adailepheretsa kufika mu ndime yomaliza ya World Test Championship mu 2021, ndipo New Zealand, yomwe idaloŵa m'malo mwake, idatenga chikho. M'chaka cha 2023 England idalandidwa mapointi 19 pa mpikisano wa Ashes.

Ena akuti chilangochi n'chankhanza kwa matimu odalira oponya mwaliŵiro, amene amathamanga mtunda wautali asanaponye. Akutinso kuvulala ndi kuunikanso zigamulo pa kanema zimadya nthaŵi. Dandaulo lachiŵirili lilibe mphamvu, popeza oyimbira amachotseratu mphindi zotayika motero asanaŵerengere mlandu. Loyambalo liyankhidwe chonchi: kaputeni amene wasankha oponya otere afulumize anyamata ake pakati pa maova.

Choperewera pa chilango cha mapointi n'chakuti chimadza maseŵera atatha, woonera atabwerera kwawo manjamanja. N'chifukwa chake wotchi imene ICC idakhazikitsa mu 2024 pa maseŵera aafupi iyenera kutamandidwa. Timu yoponya ili ndi masekondi 60 oyambira ova yotsatira, ndipo ikachedwa kachitatu adani ake amapatsidwa marani 5 pomwepo. Chilango chotere chimagwa pamaso pa amene adalakwiridwa. Oyimbira asachite nacho manyazi, ngakhale wolakwayo atakhala timu yotchuka motani.