Nambala wani wa ku CDSS akathere kuti?

Amene munaphunzira kumudzi mukulikumbuka tsiku lotsekera sukulu. Ana pansi pa mtengo wa mango, makolo pa mabenchi, aphunzitsi aakulu akuwerenga maina kuyambira nambala teni kutsika. Akafika pa nambala wani, nthungululu zokhazokha. Mphatso yake makope awiri ndi bolopeni, chaka chabwino amaonjezerapo sopo.

Kwathu mbali ya ku Ntaja, amene ankalandira makope amenewo anali msuweni wanga, mtsikana. Ine ndinkathera pa nambala 4 kapena 5. Mayeso a Sitandade 8 atatuluka, tonse awiri anatisankhira ku sekondale yoyendera ya CDSS. Kusiyana kwathu kunabwera chifukwa cha malume amene ankagwira ntchito ku Balaka: anali ndi ndalama yolipirira mwana mmodzi yekha kusukulu yogonera komweko, ndipo mwayiwo unagwera ine. Kumeneko ndinapeza labotale, laibulale, magetsi owerengera usiku ndi mphunzitsi wa Chemistry amene anaphunziradi Chemistry. M'kalasi mwathu sindinalowepo m'gulu la ana 20 oyambirira, koma pa MSCE ndinapeza mapointi 14 ndipo ndinasankhidwa kupita ku yunivesite.

Msuweni wanga ankapalasa njinga m'mawa uliwonse, nthawi ya dzinja akumafika atanyowa. Zaka zinayi zonse palibe anamulanda nambala wani. Anapeza mapointi 21, kuposa aliyense pasukulupo chaka chimenecho. Anadzaza fomu, anadikira, dzina lake silinatuluke. Lero amagulitsa zitenje pa Ulongwe.

Ndiye tandiuzeni, pa awirife wanzeru ndani?

Kasankhidwe kathu kamayenda chonchi. Bungwe la MANEB limapereka pointi 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse: 1 ndi 2 ndi kupambana kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Amaphatikiza maphunziro 6 amene wakhoza bwino, choncho katswiri weniweni amapeza mapointi 6. Kuti upemphe malo ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST kudzera ku bungwe la NCHE, umayenera kukhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Koma ofika pamenepo ndi ambiri kuposa malo amene alipo, ndiye amayamba kutenga amene akhoza kwambiri pa maphunziro ofunika pa kosi imeneyo mpaka malo atatha. Lipoti la kusukulu lija, lolembedwa kuti nambala 1 mwa ana 70, limangotsala m'sutikesi ya amayi.

Pepala la mapointi silinama, koma silinena zonse. Silinena kuti mwana uyu anaona koyamba zipangizo za sayansi sabata yolemba mayeso. Silinena kuti buku limodzi la Biology ankawerengera ana khumi. Sukulu za CDSS zinabadwa mu 1998 pomwe boma linasintha malo ophunzirira a MCDE kukhala masekondale, ana atachuluka kutsatira maphunziro aulere a pulayimale amene Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, anayambitsa mu 1994. Zambiri zinayamba popanda labotale komanso ndi aphunzitsi amene anaphunzitsidwa kuphunzitsa ku pulayimale. Zina zasintha, inde, koma pitani ku Chikweo, ku Nayuchi kapena ku Phalula mukadzionere ngati mwana wa kumeneko akuthamanga mpikisano umodzi ndi wa ku Dedza Government kapena ku Marymount. Chonsecho ana ambiri a m'masekondale a boma ali ku CDSS.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kulemba mu ndemanga kuti uyu akufuna kubweretsanso kota. Dikirani kaye.

Kota inayamba nthawi ya Kamuzu Banda, khoti linaithetsa mu 1993, Bingu wa Mutharika anaibweretsanso mu 2009, ndipo mu February 2020 nduna ya maphunziro William Susuwele-Banda inalengeza kuti yatha. Ine sindinailire. Inkapatsa boma lililonse malo 10 poyang'ana kumene mwana amachokera, osati kumene anaphunzira. Anzathu a kumpoto, pamodzi ndi Sinodi ya Livingstonia, ankadandaula kuti mwana wokhoza bwino akusiyidwa chifukwa cha boma lake, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Koma chimene sitinkanena n'chakuti ngakhale ife a m'maboma amene ankati akuthandizidwa, phindu silinkafika kumudzi. Mwana wa bwana wobadwira ku Area 47, wophunzira sukulu yapamwamba, amene ku Machinga amangobwera pamaliro, ankatha kulemba pa fomu kuti kwawo ndi kwa Kawinga n'kutenga malowo. Wa ku CDSS ya kwa Kawinga yemweyo n'kutsala.

Zimene ndikunena ine n'zina. Tisafunse kuti agogo ako anabadwira kuti. Tifunse kuti unaphunzira pati, ndipo pakati pa anzako amene munkakhala pa desiki imodzi, mukuphunzitsidwa ndi mphunzitsi mmodzi, iweyo unaima pati.

Si maganizo achilendo. Ku Texas, m'dziko la America, khoti litaletsa mu 1996 kusankha ophunzira poyang'ana mtundu wa khungu, aphungu anakhazikitsa lamulo mu 1997 loti mwana aliyense amene ali m'gulu la 10 mwa 100 alionse okhoza bwino pasukulu yake apatsidwe malo ku yunivesite ya boma. Amene anasaina lamulolo anali George W. Bush, ali bwanamkubwa. Sukulu ikhale ya kumudzi kapena ya anthu olemera, nambala ya mwana m'kalasi ndiyo inkamutsegulira chitseko. Sizinayende mwamyaa. University of Texas ya ku Austin inadzaza mpaka anachita kuchepetsa chiwerengerocho, ndipo kunapezeka mabanja ena osamutsira ana kusukulu zofooka kuti akakhale pamwamba mosavuta.

Ife sitingakwanitse 10 mwa 100 alionse, malo tilibe. Koma bwanji mwana mmodzi, kapena awiri, mnyamata ndi mtsikana, pa CDSS iliyonse? Akhale amene wakhoza kuposa onse pasukulupo, ndipo akhale ndi makirediti 6 aja, osachotserapo. Malo ena onse apikisanidwe monga mwa masiku onse.

Achimwene anga ena, mphunzitsi, nditawauza izi anaseka n'kunena kuti ndikufuna aphunzitsi aakulu alemere ndi mbuzi za makolo. Ali ndi mfundo. Nambala ya m'kalasi yoperekedwa ndi aphunzitsi ingagulidwe, ndipo kwa atsikana mtengo wake tikuudziwa tonse. N'chifukwa chake nambalayo isachokere mu ofesi ya aphunzitsi. MANEB ili kale ndi zotsatira za mwana aliyense ndi nambala ya senta yomwe analembera. Kudziwa amene watsogola pasukulu iliyonse ndi ntchito ya kompyuta ya tsiku limodzi. Za osamuka aja, lamulo lingonena kuti mwanayo akhale amene anasankhidwira pasukulupo ndipo waphunzirapo kuyambira Fomu 1. Bwana amene angalole mwana wake kupalasa njinga zaka zinayi kupita ku CDSS ya ku Ngokwe pofuna malo amenewa, asiyeni, mwina labotale ingamangidwe msanga.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti, kodi mwana wa mapointi 21 akakwanitsa? Apa sindinamizira. Amene sanagwirepo zipangizo za sayansi sungamuponye m'kalasi ya udokotala ku KUHeS n'kumusiya. Pangafunike miyezi yoyamba yomukonzekeretsa, ndipo imeneyo ndi ndalama. Pangafunikenso kuti ngongole ya ophunzira imupeze msanga, chifukwa kalata yosankhidwa siigula ufa ku Chikanda. Koma ine ndakhalamo m'makalasi amenewo. Ndinaona anzanga obwera ndi mapointi ochepa kwambiri akubwerera kwawo chaka choyamba, poti kunalibenso wowadzutsa 4 koloko m'mawa kuti akawerenge. Ndinaonanso ochokera ku CDSS, Chingerezi chawo tikuchiseka pa tsiku loyamba, akutisiya tonse pofika chaka chachitatu. Munthu amene anazolowera kudziphunzitsa yekha ndi tochi ya foni, yunivesite siimuopsa kwenikweni.

Ndipo pali za wotsala uja. Wa mapointi 13 wa sukulu yabwino amene angaluze malo chifukwa cha dongosolo limeneli adzamva kuwawa, ndipo sindingamuuze kuti asadandaule. Ndikanatha kukhala ineyo. Komabe mwana wotere nthawi zambiri amakhala ndi njira ina, kaya koleji yolipira kaya kubwereza pasukulu yabwino. Wa ku Nsanama akaphonya kamodzi, basi kwatha.

Aphungu a ku Machinga ndi Balaka angayambe ndi chinthu chosafuna bajeti. Afunse NCHE ndi unduna wa maphunziro kuti atulutse, sukulu ndi sukulu, chiwerengero cha ana a m'maboma awiriwa amene apita ku mayunivesite a boma zaka zisanu zapitazi, komanso ma CDSS amene sanatumizepo ngakhale mmodzi. Mndandanda umenewo uikidwe poyera, tiugawane pa WhatsApp monga timachitira ndi zotsatira za mpira.

Sabata yatha ndinatsika pa Ulongwe kukamuona msuweni wanga. Mng'ono wake ali Fomu 3 pa CDSS yomwe ija, ndipo teremu yathayi anakhala nambala wani. Anandionetsa lipoti lake pa foni, kenaka n'kundifunsa ngati ndikudziwa wina ku Liwonde amene angamuphunzitse kusoka akadzamaliza Fomu 4.