Chikomekome cha apu ya 3D

Ndikutsutsana ndi anzanga opanga mapulogalamu amene akangomaliza ntchito ya zithunzi za 3D mu Three.js amathamangira Cordova kapena Capacitor kuti aisandutse apu ya pafoni. Amati ikalowa mu Play Store iziyenda mwachangu. Limenelo ndi bodza. Zida ziwirizi zimangotenga tsamba lomwelo n'kuliika mu WebView, imene pa Android ndi Chromium, pa iPhone ndi WebKit. WebGL yake ndi yomweyo, GPU ya foniyo ndi yomweyonso. Zithunzi zimene zinkadodoma mu Chrome zidzadodomanso mu apu, foni n'kumatentha m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taonaninso mtengo wake. Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse, Google madola 25 kamodzi. Lamulo 4.2 la App Store limalola Apple kukana apu imene ili webusaiti chabe yovekedwa malaya. Mukakonza kacholakwika kamodzi, mudikire sitolo ivomereze, chikhalirecho pa intaneti mumangosintha fayilo.

Ena amati apu imagwira ntchito popanda netiweki. N'zoona, koma service worker nayo imasunga mafayilo m'foni, ndipo Safari ya pa iPhone inayamba kuilola mu 2018.

Amene amavutika ndi mwini foni yotchipa, wofufuta zithunzi za ana ake kuti apu yanu ipeze malo. Chepetsani kaye ma polygon, panikizani ma model ndi Draco, ma texture ndi KTX2. Ntchito ikapepuka, anzanga, ingotumizani linki pa WhatsApp.