Mtengo ukhale umodzi, kwa mwini mudzi ndi kwa mlendo



Tsiku lina la msika tinaima pafupi ndi mayi wogulitsa matemba. Munthu wa pamudzi atafunsa mtengo wa mulu, anauzidwa mtengo womwe tonse timaudziwa. Kenaka kunafika mayi wina, mwana ali kumbuyo, Chilomwe chake chosakaniza ndi Chipwitikizi. Mulu womwe uja mtengo unakwera kawiri. Mlendoyo ananenerera, namutsitsira pang'ono, n'kuchoka akuthokoza, osadziwa kuti wamenyedwa m'maso. Ife tinangoti chete, ndipo kukhala chete kumeneko kukutivutabe mumtima.

Kunenerera si tchimo. Msika wopanda "tsitsaniko pang'ono" ndi "ikaniko basela" si msika. Wogulitsa amayamba pamwamba, wogula pansi, n'kukumana pakati onse akuseka. Koma kunenerera kumakoma pamene onse awiri akudziwa mtengo weniweni. Mmodzi akakhala mumdima chifukwa cha chilankhulo kapena ndalama yachilendo, kumeneko ndiye kuba masanasana.

Chipembedzo chathu sichinasiye nkhaniyi. Sura ya 83 ya Qur'an, Al-Mutaffifin, ikudzudzula anthu ofuna mlingo wodzadza pogula koma ochepetsa pogulitsa. Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) analetsa kuchingamira amalonda panjira n'kuwagula katundu asanafike pamsika kuti adziwe mtengo. Analetsanso kukweza mtengo mwachiphamaso usakufuna kugula, pofuna kupusitsa wina. Zonsezi zikuteteza munthu mmodzi yemweyo: amene sakudziwa za pamsikapo.

Ena anena kuti, "Shehe, nanga mavenda ochokera ku Limbe satibera nandolo ndi masikelo awo? Ifenso tidyepo." Zoona, amatibera, ndipo ifenso ndife alimi, zimatiwawa. Koma amene watibera ndi wina, amene tikumulipitsa ndi mayi wosauka wochokera ku Milange. Bala silipola chifukwa choti walasa wina.

Komanso tisaiwale kuti mlendo mawa ndife. Nyanja yathu ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018 mabwato anakhala pamatope. Namondwe wa Freddy atakokolola minda m'mwezi wa March 2023, ambiri a ife tinakwera njinga kukafuna chimanga ndi maganyu ku Mozambique. Kumeneko ndife amene timasokonezeka ndi ndalama yawo ya metical, ndife amene timamveka lilime lachilendo. Iwonso anathawira kuno nthawi ya nkhondo yawo yomwe inatha mu 1992, tinagawana nawo minda ndi zitsime, ena tinakwatirana nawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngakhale poona phindu lokha, mitengo iwiri siipindula. Wobwera kudzagula makumba kapena mlamba wowamba akazindikira kuti tinamudyera masuku pamutu, sabweranso, ndipo amauza anzake. Msika umafa chonchi, pang'onopang'ono.

Tsono ife tikakhala alendo pamsika wa eni, tichite chiyani? Choyamba, tisathamangire kugula. Tizungulire kaye, timve zomwe eni dera akulipira, tifunse ogulitsa atatu kapena anayi. Chachiwiri, tigwirizane za mlingo tisanakambe za ndalama. Chigoba china ndi chophwanyidwa pansi, ndowa ina ndi yaing'ono, ndipo sikelo tiyambe taiyesa ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Chachitatu, tidziwe mphamvu ya ndalama tsiku limenelo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene amawerengera ndi mtengo wakale amaluza asanayambe n'komwe. Chachinayi, tipereke moni m'chilankhulo cha eni ake ngakhale ndi mawu awiri okha, tinenerere mwaulemu, osanyoza katundu wa munthu. Mtengo ukakana, tithokoze n'kupita patsogolo. Nthawi zambiri amatiitananso.

Ndipo pamene msika uli wathu, udindo ndi wathunso. Mlendo akafunsa mtengo, tiyambire pomwe tikadayambira ndi mnansi wathu. Akasokonezeka powerenga ndalama, timubwezere chenji chake chonse. Tikaona mnzathu akumukweza, tisakhale chete monga tinachitira ife tsiku lija, timunong'oneze mwaulemu kuti, "Mayi, Allah akuona." Atsogoleri a misika ndi a makomiti a m'madooko akhale ndi mlingo umodzi wodziwika, woti aliyense athe kuyesera.

Riziki limachokera kwa Allah. Ndalama yochepa ya halali ili ndi madalitso kuposa thumba lodzadza ndi misozi ya mlendo.

Allah atikhululukire pomwe tinalakwa, adalitse minda yathu ndi maukonde athu. Amin.