Mfuti ya mwana wanga wa Fomu 3

Mmodzi mwa ana omwe ndinawaphunzitsa Physical Science, amene pano ali ku Texas, wanditumizira zithunzi za mfuti yomwe amaikonza Loweruka lililonse. Ndi Ruger 10/22, mfuti yamasewera yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1964. Kumeneko anthu amaigula m'sitolo, kenako n'kusintha mpope, thabwa logwirira ndi kachitsulo kokoka powombera, mpaka isanduke yawoyawo. Poyamba ndinadzuma. Kwathu kuno mfuti yosula wekha ndi gogodera, ndipo mwini wake amathera m'manja mwa apolisi.

Koma chithunzi chomaliza chinali cha kope. Amawombera zipolopolo zisanu papepala lomwe lili pamtunda wa mayadi 50, amayeza ndi rula kutalikirana kwa mabowo, n'kulemba. Tsiku lomwe wasintha mpope sakhudzanso china chilichonse. Aphunzitsi anzanga, si zomwe timakuwa chaka ndi chaka mu labu izi? Sinthani chinthu chimodzi, zina muzisiye! Mnyamata ameneyu ali Fomu 3 ankangokopera zotsatira za anzake. Ndikuona tsopano kuti sunali ulesi ayi. Ife tinkamuyezetsa zinthu zomwe mayankho ake anali kale pabolodi.

Komabe ndamulembera kuti asiye kuitchula kuti "kamfuti". Chipolopolo cha .22 n'chaching'ono, inde, ndipo n'chomwe amagwiritsa ntchito pa mpikisano wa biathlon, koma cha mtundu womwewo chinatsala pang'ono kupha Ronald Reagan mu 1981. Mnyamatayu ali ndi ana awiri m'nyumba. Ndamufunsa komwe amaikiyira mfutiyo, ndipo mpaka lero sanandiyankhe.